Mayi Lumo ndi Timadontho Tofiirira

Pachipatala onse ankawatchula kuti Mayi Lumo. Kwa zaka makumi awiri ndi zisanu ndi chimodzi anagwira ntchito m'kachipinda konunkha mankhwala, kuseri kwa labu. Kachidutswa ka chotupa cha wodwala kakabwera m'botolo, iwo ankakaumitsa m'phula, n'kukasenga ndi lumo mopyapyala kuposa khoko la anyezi, kenako kukayala pagalasi ndi kukapaka utoto. Woona magalasiwo anali dokotala wamkazi wa chipinda choyandikana, amene ankayeza ukali wa chotupa n'kulemba giredi: yoyamba, yachiwiri kapena yachitatu, yomwe ndi yolusa kwambiri.

Chaka china dokotalayo anayamba kufufuza khansa ya chida cha abambo, matenda amene amuna ambiri amabisa mpaka madzi atafika m'khosi. Anabweretsa utoto watsopano umene unkaonetsa asilikali a m'thupi, maselo olimbana ndi matenda aja, ngati timadontho tofiirira.

"Amayi, maso anu ndi akuthwa kuposa anga," anatero dokotala. "Mundiwerengere timadonthoti, koma giredi musaione kaye."

Mayi Lumo anavomera msangamsanga. Zaka zonsezo palibe anawapemphapo kuti anene zimene aona. Miyezi itatu anaweramira maikulosikopu, makina okuza tinthu tating'ono, mpaka khosi kuuma, magalasi makumi asanu ndi atatu. Kunyumba nkhani inali yomweyo, moti amuna awo, dalaivala wa basi wopuma ntchito, ankasowa poyang'ana.

"Mayi a ana, zimenezo pa chakudya ayi."

"Eni ake a nkhaniyi ndinu. Idyani mukumva."

Lachinayi lina m'mawa Mayi Lumo ndi dokotala anakhala awiriwiri, aliyense ndi pepala lake. Mayi Lumo ankatchula kuchuluka kwa timadontho, dokotala n'kuyankha giredi. Atafika pa galasi la makumi awiri, mayiwo anakweza dzanja.

"Dikirani, adokotala. Apa asilikali anali phwamwamwa m'mphepete monse. Yachitatu imeneyi."

"Yachitatu."

"Ili anali apa ndi apo. Yoyamba."

Dokotala anavula mandala. Anapitiriza choncho, mayiwo akulasa zambiri, kuphonya zina, mpaka tiyi anazizira m'makapu. Pomaliza mayiwo anapezeka ataimirira osadziwa, akuomba m'manja okha.

"Tisathamange," anatero dokotala, naye akulephera kubisa mano. "Magalasiwa ndi ochepa. Komanso sitikudziwa ngati asilikaliwo akumenyadi nkhondo kapena angounjikana."

"Ndiye tiwafunsa bwinobwino. Kunkhokwe kuli phula la zotupa za zaka khumi, ndipo ndinaliika ndekha."

Madzulo ake anapita kukatenga kiyi kwa woyang'anira nkhokwe. Anatuluka tsitsi lili mbuu ndi fumbi, akukankha ngolo yodzaza makatoni, akuuza aliyense m'khonde kuti apatuke. Patapita chaka, lipoti la kafukufukuyo litalembedwa, dzina lawo linali lachiwiri, ndipo dokotala anawaimika patsogolo pa madokotala anzake kuti afotokoze okha. Atafunsidwa za utoto, anayankha mpaka nthawi inatha.