Bwezera Mpirawo Pomwe Unautola

Nditatuluka m'chipatala atandichita opaleshoni ya mtima, aliyense anasanduka namwino wanga. Mayi a kunyumba ankandilanda ngakhale thumba la zinyalala. Kutchalitchi kwathu ku Laurel anthu ankandiyankhula mokweza ndiponso pang'onopang'ono, ngati madokotala anandichotsa makutu. Pakamwa ndinkati zikomo, koma kunena zoona zinkandinyansa.

Chimene ndinakana kusiya ndi gofu. Ndinamuphunzira nditakula kale, kuno ku America, ndipo dokotala ananena yekha kuti ndiziyenda. Ndimasewera ndi anthu awiri: mwana wa mlongo wanga, amene amagwira ntchito ya kafukufuku ku College Park, ndi mnzathu wa ku Lusaka amene timapemphera naye. Onsewa ndi ana kwa ine. Ndisanadwale ankandikwapula popanda chisoni, n'kumandiseka njira yonse yobwerera kunyumba.

Nditachira, zinthu zinasintha. Ndinayamba kuwina. Mpira umene ndinkauona ukulowera kutchire unkapezeka uli pa kapinga wosalala. Iwo ankathamangira kutsogolo pa kagalimoto ka gofu, ati kukandifunira mpira, ine ndikubwera wapansi pambuyo. Mabwalo a kufupi ndi kwathu ndi athyathyathya, munthu suona patali. Ndinafika pomadzitama kwa mayi a kunyumba kuti madokotala aja anandiwongolanso dzanja.

Nthawi imene masamba amafiira tinapita kukasewera kumapiri a kumadzulo kwa Maryland, pa bwalo la m'paki ya boma limene aliyense amaloledwa. Malo okongola zedi. Kumunsi kuli nyanja yaing'ono, agwape amadutsa pamaso pako osakuopa, koma palibe poti munthu n'kuima miyendo yonse italingana. Ukamenya mpira, phazi lina lili kumtunda lina kumunsi. Mawondo anga anayamba kudandaula tisanapite patali.

Tinafika pa dzenje lina limene umamenyera uli pamwamba pa chitunda. Ndinamenya ndi mphamvu zanga zonse, mpira n'kukhotera kumanja, kukagwera m'chigwembe cha miyala ndi masamba ouma. Anyamata aja anakwera kagalimoto kawo, ulendo. Ine ndinatsala pamwamba kuti ndikokeko mpweya, ndipo pamenepo chigwa chonse chinali poyera ngati pa chikhatho. Ndinaona mwana wa mlongo wanga akutsikira m'chigwembe, kutola mpira wanga, kuyang'ana uku ndi uku, n'kuuponya pakati pa kapinga. Wa ku Lusaka anakweza dzanja n'kufuula, "Ili apa, ba mdala! Lucky bounce!"

Manyazi amene ndinamva sindidzawaiwala. Miyezi yonse ija ndinkayenda monyada ndi zigoli zopatsidwa, ngati mwana amene akuluakulu amuuza kuti wagwetsa bambo ake pa kulimbana. Ndinatsika chitunda chija n'kukawapeza pa kapinga paja.

"Mpira uwu unafika bwanji pano?" ndinafunsa.

Anayang'anana. Mwana wa mlongo wanga anavula chipewa.

"Ankolo, munthu wamkulu ngati inu sitingakusiyeni muzikwawa m'tchire ife tikuonerera. Mayi anga atamva angandinene chiyani?"

"Ni ulemu chabe, ba mdala," anatero wa ku Lusaka. "Kwathu sitiwina mkulu amene adwala. It's not done."

"Ulemu wanji wondiika m'manda ndikadali moyo?" ndinatero. "Iwe, bwezera mpirawo pomwe unautola."

Anakauika m'mphepete mwa chigwembe, pa udzu wofewa. Ndinamuuza kuti maso anga sanachitidwe opaleshoni, auike pansi pa mwala pomwe anautola. Anauika, nkhope ili gwa.

Ndinatsikamo chokhala pansi, ndikugwira tizitsamba, thalauza lonse dothi. Ndinamenya koyamba, ndodo inagunda mwala mpaka mano anaguguda. Ndinamenyanso, kunauluka masamba okha. Kenako mpira unakwera pang'ono, n'kugubuduka kubwerera pakati pa mapazi anga. Pamtima panayamba kugunda mwamphamvu, ndipo ndinachita mantha, sindinama. Ndinakhala pa mwala n'kumapuma monga anandiphunzitsira kuchipatala. Nditakweza maso, mwana wa mlongo wanga anali atatulutsa foni, chala chili pamwamba.

"Bwezera foniyo m'thumba. Ndikafuna ambulansi ndinena ndekha."

Kugunda kuja kutatsika ndinaimirira n'kuyambiranso. Sindikudziwa kuti ndinamenya kangati, koma pamapeto pake mpira unatuluka, n'kukaima pa udzu wautali, malo oipa ndithu koma anga. Onse awiri anatambasula manja kuti andikoke. Ndinakwera ndekha, ndikutsamira ndodo ya gofu.

Kuchokera pamenepo tinasewera ngati tili pa maliro. Pa dzenje lotsatira wa ku Lusaka anaphonya dala mpira umene ngakhale wakhungu akanaulowetsa. Ndinautola, kuubwezera pamalo pake, n'kuima pambali manja ali m'chiuno mpaka anaulowetsa. Atatero anayamba kusewera zenizeni, ndipo ndinaona mmene ankandisiyira kutali.

Chakumapeto kuli dzenje limene mpira umayenera kudumpha madzi. Ndinaima bwinobwino, kuyeza, kumenya. Mpira unathamanga pansi ngati khoswe n'kukathera m'madzi, phava! Kenako wa ku Lusaka analephera kudzigwira.

"Ba mdala, manje mwabwela kusewela olo kudyesa nsomba?"

Mwana wa mlongo wanga anayesa kubisa nkhope m'chipewa, koma mapewa ankagwedezeka. Anaseka mpaka kugwira m'mimba, anthu opanda khalidwe. Chidwalireni panalibe munthu amene anandisekapo choncho, ndipo misozi inalengeza m'maso mwanga. Ndinawauza kuti onse awiri analeredwa moipa, n'kupisa m'thumba kutulutsa mpira wina.