Anandilanda Njinga Ndili Patsogolo

Ntchito yopikisana pa njinga inandipeza ndili ndi thumba la mtedza pakaliyala. Ndinkachokera kwathu ku Chisepo kupita kumsika wa Madisi, ndipo pachitunda china pamene ngakhale amuna amatsika n'kuyamba kukankha, ine ndinangoimirira pamapedulo. Galimoto ina inkanditsatira pang'onopang'ono. Pamwamba inandidutsa n'kuima, munatuluka bambo wina wonenepa.

"Iwe mtsikana, miyendo imeneyi ukuionongera mtedza?"

Amenewo anali a Mbewe, eni ake a kagulu ka opalasa njinga zam'mapiri ku Lilongwe. Anakalankhula ndi amayi anga, ndipo posakhalitsa ndinali m'gulu lawo.

Anandipatsa njinga yopepuka, ya magiya ndi matayala a manomano. Ndinaphunzira kutsuka tcheni ndi palafini ndi kamswachi, kuipukuta mpaka iume, kenako n'kudonthezera oyilo pang'ono. Ndinaphunzira kugwira masipoko limodzilimodzi kuti ndimve lomwe lakhwepa, kuphwetsako matayala kukagwa mvula kuti agwire nthaka, komanso kudumpha njinga ikuyenda, kuiponya paphewa n'kuthamanga nayo pamalo osapalasika. Atsikana tinalipo awiri: ine ndi Chisomo, mwana wa mlongo wawo wa a Mbewe.

Mpikisano waukulu unachitikira m'mapiri a Ntchisi nthawi ya dzinja. Okonza analengeza kuti atsikana atatu oyamba akapikisana kunja kwa dziko. Ine ndinali ndisanafikepo ngakhale ku Mchinji.

Mvula inali itagwa m'mamawa, katondo akuterera ngati therere. Anzanga ankagwa m'makona, ena matope atatseka mabuleki. Kamtsinje kena tinawoloka njinga zili paphewa, madzi akufika m'mawondo. Nditatuluka m'nkhalango ndinamva amayi ena ali m'munda akululuta, mmodzi akukuwa kuti, "Palasa mwanawe, ndiwe woyamba, kumbuyoku kulibe munthu!" Apo m'pamene ndinadziwa kuti ndili patsogolo.

Chakumapeto panali malo amene timalandirira madzi. Nditatambasula dzanja kuti ndilandire botolo, a Mbewe anagwira handulo ya njinga yanga mpaka ndinatsala pang'ono kugwa.

"Tsika. Chisomo wadula tcheni, akubwera wapansi. Umupatse njingayi."

"Bwana, ndili patsogolo!"

"Ndati tsika, Esinati. Njingayi ndi yanga, si ya amako."

Ndinatsika. Ndinaima m'matopemo ndikuona atsikana amene ndinawasiya kutali akundidutsa mmodzimmodzi. Wina anachita kucheuka, kudabwa kuti munthu walungalunga waimiranji ndi njinga yabwinobwino. Chisomo anafika akuwefuka. Sanandiyang'ane kumaso. Amalume ake anatsitsa chishalo mwachangu, n'kumukankha kumsana.

"Iwe kwera m'galimotomu," anandiuza.

Ndinakana. Ndinatenga njinga yopanda tcheniyo. Pachitunda ndinkathamanga nayo paphewa, potsetsereka n'kukwera kuti izingogudubuka. Phewa linasupuka, nsapato imodzi inang'ambika, koma mkwiyo ndi umene unkandikankha. Ndinakafika pamapeto anthu atayamba kale kuombera m'manja opambana. Chisomo sanalowe n'komwe m'gulu la atatu aja. Tonse tinataya mwayi.

Ndikanatha kumeza zimenezo. Chomwe sindinameze ndi chimene ndinamva ndikutsuka miyendo pamjigo. A Mbewe anali ndi okonza mpikisano, ndipo mmodzi anafunsa kuti mtsikana amene ankatsogola uja zamuthera bwanji.

"Anadula tcheni," a Mbewe anayankha akuseka. "Ana akumudzi awa, njinga zodula sazidziwa."

Ndinapita pomwepo madzi akuchucha. "Bwana, nenani zoona. Tcheni anadula ndani? Nanga handulo yanga anaigwira ndani?"

A Mbewe anandiyang'ana ngati galu walankhula, n'kunena kuti ndilibe mwambo. Ndinavula chipewa chawo chotetezera mutu, ndinachiika pabonati ya galimoto, ndipo kwathu ndinabwerera pamatola.

Patapita nthawi ndinamva kwa opalasa akale kuti kupereka njinga kwa mnzako wa gulu limodzi si zachilendo m'masewerawa. Zimachitika, koma mumagwirizana musananyamuke kuti lero tonse tikuthandiza uje, ndipo amene wadzipereka amalemekezedwa pagulu. Ine palibe anandiuza, ndipo m'malo mwa zikomo ndinalandira bodza.

Lero ndimapikisana pa njinga yangayanga, yogula pakaunjika, imene ndinaikonza pang'onopang'ono kwa mmisiri wa pa Dowa Boma. Ndi yolemera, magiya ake amavuta. Atsikana amene amabwera kudzayeserera nane ndimawauza chinthu chimodzi: munthu akakupatsa njinga, umufunse pamaso pa anthu kuti, "Lero ndikupalasira ndani?" Akayamba kuzemba funsolo, usakwere.