Nsungwi ya Bambo Gerishomo

Ana a masiku ano akamva mawu akuti "chigerishomo" amayesa ndi a m'Baibulo. Ayi ndithu. Mawuwa, otanthauza kukhulupirira kuti anthu onse ndi ofanana, anabadwira konkuno ku Kachulu, ndipo poyamba anali chitonzo.

Bambo Gerishomo anakulira ku Likangala, m'banja losauka la alimi a mpunga. Akadali mnyamata analowa m'gulu la adzukulu okumba manda mumpingo mwathu. Anali ndi nsungwi yakale yokankhira bwato imene ankayezera kuya kwa dzenje. Mwini sitolo akamwalira, nsungwi yomweyo. Wopemphapempha, nsungwi yomweyo.

Chaka china cha kolera, msodzi wachilendo anafera padoko. Adzukulu anzawo anafuna kungopalasa kadzenje kolekeza m'mawondo, koma Bambo Gerishomo anakumba okha mpaka nsungwi yonse inalowa. Atachitira chimodzimodzi alendo ena awiri, manong'onong'o anabuka. Munthu wabwinobwino angakonde maliro a anthu osawadziwa? Akamadutsa, amayi ankalowetsa ana m'nyumba. N'zochititsa manyazi, koma tonse tinkawalambalala.

Akulu a mpingo anawaitana.

"Bambo, tiuzeni zoona. Kumandako mumakatengako chiyani?"

"Matuza m'manjamu basi," anayankha. "Amene anaumba inuyo ndi yemwenso anaumba msodzi uja. Ndimuchepetsere dzenje chifukwa chiyani?"

Anawaimitsa Mgonero. Zaka zisanu ndi zinayi anakhala pabenchi yakumbuyo, akuimba nyimbo iliyonse, osadandaula. Aliyense wochitira mlendo ngati m'bale wake ankasekedwa kuti wayamba chigerishomo. Anawabwezera pa Mgonero mano atatha m'kamwa, koma dzina loipalo silinawachoke.

Anatisiya mwakachetechete Lamulungu lina masana, atatsamira khoma pakhonde pawo. Adzukulu anazengereza, aliyense akuyang'ana mnzake. Kenaka panjira ya kudoko panatulukira asodzi atanyamula makasu. Patsogolo panali Che Sumaili, Msilamu wa ku Chisi, mkulu wake wa msodzi woyamba uja.

"Nsungwi ija ili kuti?" anafunsa.

Anakumba mpaka yonse inalowa. Mkulu wina wa mpingo, mmodzi mwa amene anawazenga mlandu, anayandikira misozi ili m'maso.

"Onjezerani pang'ono, abale. Ameneyu anali munthu wa Mulungu."

Che Sumaili anazula nsungwiyo, naigoneka pambali.

"Ayi, bambo. Eni akewo akanakana."