Thambo la a Mitambo

A Mitambo sadziwa kujambula nkhope. Akayesa, munthuyo amatuluka ngati waluma ndimu. Koma apatseni burashi yaikulu ndi penti wabuluu, muone. Thambo lawo ukaliyang'anitsitsa umayamba kuganiza zokaanula zovala. Dzinali linachokera pamenepo, ndipo masiku ano ngakhale amuna awo amawaitana choncho.

Tinakumana zaka khumi ndi ziwiri zapitazo, iwo atatopa ndi ntchito yolemba zikwangwani za masitolo. Tinapeza kachipinda pamwamba pa shopu yosokera nsapato, n'kuyamba kugwirira limodzi chithunzi chilichonse: iwo thambo, ine anthu. Amafika m'mawa akawamwetsa amuna awo mankhwala a shuga, n'kumapenta atavula nsapato, akung'ung'udza nyimbo yopanda mutu. Ine ndimalowapo penti akauma, ndikudandaula kuti andisiyira malo ochepa. "Anthu akowo achepetse mimba," amatero.

Chaka chatha mwini nyumba yoonetsera zithunzi anasankha zathu zisanu ndi zitatu. Koma anati pakhoma palembedwe dzina limodzi, langa, poti ogula amatsata nkhope. Ndisaname, ndinavomera msangamsanga. Dzina langa pakhoma ndinkalilota kuyambira ndili mtsikana. Nditawauza a Mitambo mozungulirazungulira, anangoti, "Chabwino," n'kupitiriza kutsuka burashi. Chabwino ameneyo anandisowetsa mtendere masabata atatu. Ndinkaopa kuti ubale wathu ndauthira mchenga ndekha.

Tsiku lotsegulira chionetsero, a Mitambo anabwera atatchena, penti ali m'zikhadabo. Anakaima pafupi ndi chithunzi chachikulu ngati mlendo wamba, ine n'kuwatsatira mtima uli m'mwamba. Patsogolo pathu panali amayi awiri osatidziwa.

"Anthuwa ndiye palibe chachilendo," anatero wamagalasi. "Koma thamboli! Tsiku limene ndinatuluka m'chipatala ndi mwana wanga woyamba, kunja kunali chonchi."

"Eya, koma mtambo wakumanzerewu walemera," anayankha mnzake.

Mawuwo anandilasa, koma manyazi ndiwo anakula. Ndinatsegula pakamwa kuti ndiwauze kuti mwini thambo ndi awa. A Mitambo ananditsina pamkono, kutsina kwenikweni.

"Khala chete, iwe," ananong'ona.

"Achemwali, ntchitoyi ndi yanu. Ndinalakwa."

"Kulakwa unalakwadi, ndipo ulendo wina palembedwa mayina awiri, usaiwale. Koma lero usandisokonezere. Zaka zonsezi anthu amandiyamikira pamaso, sindidziwa kuti zoona n'ziti. Ukandiulula ayamba kundinamiza, ngati mmene akhala akukunamizira iweyo chifikireni."

Anapendeketsa mutu n'kuyang'ana chithunzicho, nkhope ili mwee, ngati munthu amene wakhuta.

"Ndipo mayiyu sananame, mtambowo walemeradi," anatero, akundikoka dzanja. "Tiye tiwatsatire, timve kuti chithunzi chinacho achinena zotani."