Tsiku limene bwana anavula nsapato

Fungo la matope a mvula yoyamba limandikumbutsa chaka chimene mlatho wa kwathu, kufupi ndi Chipoka, unakokoloka. Bwana wina wofuna uphungu anaimika galimoto lake tsidya lina, n'kutumiza uthenga woti tonse tiwoloke tikamvere msonkhano wake.

Mayi anga, dengu la usipa lili pamutu, anaima m'madzi olekeza m'mawondo n'kukuwa: "Bwana, ife timawoloka pano tsiku ndi tsiku. Ngati mukufuna mavoti athu, vulani nsapato mubwere kuno!"

Ine ndinagwiritsitsa chitenje cha mayi.

Bwana uja anayang'ana madzi, n'kuyang'ananso mayi. Kenaka anawerama, nayamba kumasula zingwe za nsapato zake. Nthungululu zinamveka gombe lonse, koma maso onse anali pa mayi anga.