Kathabwa ka Pakhomo pa Baba

Ndalemba izi pofuna kufotokoza za ntchito ina imene ndinagwira m'nyumba ya abwana anga ku Al Markhiya, m'dziko lina lakunja, m'nthawi ya mliri wa korona, ngakhale kuti pa kontrakiti yanga panalembedwa kuti ndine dalaivala basi.

M'nyumbamo munkakhalanso bambo awo a abwana, munthu wokalamba amene antchito tonse tinkawatchula kuti Baba. Iwowa anadwala matendawa, ndipo atatuluka m'chipatala ankayenda akukoka botolo la mpweya pa kangolo ka mateyala ang'onoang'ono. M'chipinda mwawo pansi anayalapo matabwa, pamene pabalaza panali matailosi, ndipo matailosiwo anali okwera kuposa matabwa monga kunenepa kwa chala. Amisiri anasiya pamalopo posamaliza. Malamulo atayamba kulola antchito kusintha owalemba, iwo anapita ku kampani ina, ndipo abwana sanafune kulowetsa ena achilendo poopa matenda.

Kangolo kaja kankakodwa pamenepo nthawi zonse. Baba ankachita manyazi kuitana munthu kuti awanyamulire, choncho analekeratu kutuluka m'chipinda, ndipo miyendo yawo inkafowokerafowokera.

Nditapempha chilolezo mwaulemu, ndinachita monga timachitira kwathu. Ndinakanda simenti ndi mchenga n'kupanga kamtsetse kuchokera pa matailosi kufika pa matabwa. Mayi wina wa ku Dedza, amene ankagwira ntchito ya m'nyumba momwemo, anaima akundiyang'ana.

"Achimwene, mwayesa pano ndi pakhonde kwanu ku Mponela?" anandifunsa. "Madamu akaona, ine sindikukudziwani."

"Achemwali, dikirani iume kaye," ndinayankha.

Inaumadi, koma pasanathe sabata inang'aluka yonse. Sindinkadziwa kuti matabwa oyala pansi amafufuma ndi kunyala malinga ndi mpweya wa m'nyumba, ndiponso kuti safuna kupanikizidwa. Ndinagumula ndekha mwamanyazi.

Baba ndiwo anandiitana. M'Chingerezi chawo chochepa anandiuza kuti ali mnyamata ankathandiza anthu okhoma zombo za matabwa.

"Thabwa limayenda," anatero. "Ulisiyire malo."

Ndinatenga thabwa la shelefu yakale mu galaja. Kwa masiku atatu ndinkalisema ndi kulipala kuti likhale lotsetsereka, nditakhala pakhomo pawo, nditavala masiki, iwo ali pampando akulozera ndi ndodo. Ndikapupuluma ankati, "Shwaya shwaya," kutanthauza kuti pang'onopang'ono. Motsatira malangizo awo, ndinalimata ndi guluu mbali ya matailosi yokha. Mbali inayo inangofunda matabwa popanda msomali, ndipo kunsi kwake ndinasiyako kampata. Asanavomereze, anandiuza kuti ndiwayandikizire mpando, nasisita kathabwako ndi phazi lopanda nsapato atatsinzina. Anapeza malo awiri otumphuka amene ine sindinawaone, ndipo ndinapalanso.

Tsiku lachinayi masana anaimirira. Ndinatambasula dzanja kuti ndigwire kangolo, koma mayi uja anandikoka malaya kumbuyo.

"Asiyeni, inu," anandinong'oneza.

Mateyala anakwera bwinobwino, botolo osagwedezeka. Baba anafika pabalaza, napuma nthawi yaitali atatsamira mpando, kenako anatembenuka n'kubwerera kuchipinda. Ine ndinaganiza kuti atopa, ndipo ndinayamba kusonkhanitsa zida zanga. Koma atangofika pabedi anatembenukanso, nayamba ulendo wachiwiri. Ndikutsimikiza kuti tsiku limenelo anadutsa pamenepo kanayi, popanda wowagwira.