Kawaya Kamene Ndinakaona

Ndinali ndi zaka khumi ndi zitatu pamene abambo anatsika pa matola ndi kompyuta yochokera ku Kasungu Boma. Chaka chimenecho fodya anayenda bwino ku okushoni, ndipo iwo anati atopa kudalira tsamba lokha. Anachita lendi kachipinda pa Chamama, pakati pa telala ndi golosale, kuti tizilemberamo anthu makalata ndi kuwaikira nyimbo m'mafoni. Kompyutayo inali yogwirapo kale ntchito, chibokosi chake chokalikakalika, koma ine ndinkaipukuta tsiku lililonse ndi kansalu kangakanga.

Abambo ankaiopa. Ankati zala zawo zinazolowera makasu ndi mabelo, akaigwira aiphwanya. Choncho kompyuta inagwera ine. Ndikaweruka kusukulu ndinkathamangira komweko ndi yunifolomu yomwe, n'kumalemba makalata a kumpingo ndi a makalabu a alimi ndi zala ziwiri zokha. Anthu odutsa ankalozerana kuti, “Mtsikana wa kompyuta uja ndi ameneyu.” Kunena zoona ndinkayenda ngati Chamama yense ndi wa bambo anga.

Kenako azakhali anga, mlongo wawo wa abambo, anamwalira ku Lilongwe n'kusiya mwana mmodzi, Lameki, wa zaka khumi ndi zisanu. Bambo ake anali atatisiya kalekale. Kwathu kuno mwana wa mlongo wako ndi mbumba yako, sufunsa mkazi kapena ana ako ngati angamulandire. Lameki anafika ndi kachikwama kamodzi, abambo anamugulira yunifolomu n'kumulembetsa pasukulu yathu.

Sabata yoyamba ndinamumvera chisoni. Sabata yachiwiri anagwira kompyuta yanga. Kutauniko ankakonda kukhala kwa munthu wina wokonza makompyuta, ndiye ankalemba ndi zala zonse khumi, maso ali kwina, uku akucheza ndi kasitomala. Abambo anaomba m'manja.

“Mlendo ndiye amadza ndi kalumo kakuthwa!” anatero, n'kumupatsa kiyi wa kachipinda kaja, amene kale ankakhala m'khosi mwanga.

Sindikufuna kudzikometsera: njiru inandigwira. Akamaseka ndinkamva ngati akuseka ine. Ngakhale kutafuna kwake kunkandinyansa. Chondipweteka kwambiri n'chakuti mnyamatayo analibe mlandu, ankanditchula kuti msuweni mokoma mtima, ndipo kawiri konse anafuna kundiphunzitsa kulemba ndi zala zonse. Ine ndinamuyankha kuti zala zanga ziwiri zinkatidyetsa iye asanabwere.

Tsiku lina, nyengo yothyola fodya, Lameki anauza abambo chifukwa chimene nyimbo zinkachedwera kulowa m'mafoni.

“Amalume, ubongo wa kompyutayi ndi waung'ono. Amati purosesa. A Jafali ali nayo ina yamphamvu, tikaikamo izithamanga.”

A Jafali anali ndi shopu ya mafoni kutsidya kwa msewu. Abambo sanafunse kawiri, anapita kukatenga purosesayo, kanthu kafulati kokwana pachikhatho.

Linali Lachisanu masana. Lameki anagoneka chibokosi patebulo n'kuchitsegula, ndipo munatuluka fungo la fumbi lotentha. Ine ntchito yanga inali yogwira tizitsulo tomangira, mwini kompyuta dzulodzuloli! Pamwamba pa purosesa yakale panali fani yaikulu yoziziritsa, ndipo pamwamba pa faniyo pankadutsa kawaya kachikasu ndi kakuda, ka mutu wa mabowo anayi. Kuti achotse fani, Lameki anakazula n'kukakankhira kuseri kwa kabokosi ka magetsi, kumene kunali mawaya ena osagwira ntchito. Anaika purosesa yatsopano, anapakapo phala lotuwa, anabwezera fani, n'kutambasula dzanja kuti ndimupatse tizitsulo. Kawaya kaja sanakabwezere.

Ndinakaona. Pakamwa panga panatseguka ndithu. Nthawi yomweyo ndinamva abambo pakhomo akuuza telala kuti, “Uyu ndiye adzatisunge ife tikadzakalamba.” Ndinatseka pakamwa n'kupereka tizitsulo.

Lameki anadina batani. Fani inazungulira, kanyali kobiriwira kanayaka, koma kaphokoso kaja kakuti tii, kamene kompyuta inkalira ikamadzuka, sikanamveke. Sikirini inangokhala bii. Anazimitsa n'kudinanso, chimodzimodzi. Mumtima mwanga munali kuvina.

Loweruka lonse anathera pa chibokosicho. Anayamba ndi chingwe cha sikirini, anakabwereka china kwa mphunzitsi wina, sizinathandize. A Jafali anabwera n'kusuzumira, ngakhale iwo luso lawo linali la mafoni. Anati azule timatabwa tiwiri tobiriwira totchedwa ramu, apukute m'mphepete mwake ndi chofufutira cha pensulo, kenako ayese kamodzikamodzi. Lameki anatero. Anati achotse kabatire kooneka ngati kakobiri, adikire pang'ono, abwezere. Anatero, thukuta likudontha pachibwano. Pomaliza a Jafali anati mwina kompyutayo ndi yakale kwambiri moti siikuidziwa purosesa yatsopanoyo.

“Bwezera yakale ija, mwanawe. Ikayaka, vuto ndi katundu wanga, ndimulandira.”

Lameki anabwezera yakale. Fani inazungulira, sikirini bii. Ikanayaka bwanji, kawaya kopatsa purosesa magetsi kali kuseri? Koma kwa onse amene anali m'chipindamo zinaoneka poyera kuti si purosesa yokha, mnyamata wapha kompyuta yonse. Abambo anatembenukira kwa Lameki.

“Paja unati ukudziwa,” anatero, n'kutuluka.

Kunyumba amayi analankhula ali kukhitchini, mokweza mwadala, kuti fodya wa chaka chathunthu wathera m'manja mwa mwana wa eni. Lameki anali pakhonde ndipo anamva. Tsiku limenelo sanadye, ndipo Lamulungu kutchalitchi anakhala kumbuyo kwenikweni, mutu uli pansi. Ine ndinali nditakonza kale zanga. Abambo anali atanena kuti Lolemba atengera kompyuta ku Boma, ndiye ndinati ndimusiye msuweni avutike kaye mpaka tsikulo, kenako ndiiyatse anthu akuona. Ndinkangofuna kuti abambo akumbukire kuti ali ndi mwana wawo wobereka.

Lolemba m'mawa tinapeza mphasa ya Lameki itapindidwa, pamwamba pake pali yunifolomu ndi kiyi. Anali atauza mnyamata wa nyumba yoyandikana nayo kuti wapita ku Kapelula, kwa abale a bambo ake. Ndinadziuza kuti kompyuta ikayaka zonse zikonzeka.

Abambo atayamba kukulunga chibokosi m'chitenje, ndinati, “Dikirani kaye, ndiyeseko ine.” Ndinatsegula, ndinapisa dzanja kuseri kwa kabokosi ka magetsi, ndinakoka kawaya kaja n'kukalowetsa pamalo pake. Nditadina batani, inalira tii, sikirini n'kuwala. Telala, amene anali pakhomo, anakuwa ndi chimwemwe. Ine ndinatembenuka kuti ndilandire zanga, koma abambo sanali kumwetulira.

“Esinati, kawayako wakaona liti?”

“Pompano, ababa.”

“Ine ndasankha fodya kuyambira iwe usanabadwe. Dzanja limene likufunafuna tsamba limayendayenda pamulu. Lakoli langolunjika ngati likupita kwawo.”

Sanandimenye, ngakhale tsiku limenelo chikoti ndikanachilandira ndi manja awiri. Anangoti Loweruka tipita limodzi ku Kapelula, ndipo zimene ndinachita ndikamuuze Lameki ndi pakamwa panga.

Titafika, abambo anakhala pabwalo ndi akuluakulu, ine ananditumiza ku chigafa kumene ankayanikamo fodya. Ndinamupeza atakhala pansi akusoka masamba, zala zitada ndi utomoni. Ndinamuuza kuti kompyuta yayaka, vuto kanali kawaya ka mabowo anayi. Anasiya singano, anadzimenya pachipumi, kenako anaseka mpaka misozi.

“Kawaya kaja! Ndiye kuti sindinaiphe? Aaa msuweni, iwe ndiwe dolo. Wandichotsa manyazi. Mulungu akudalitse.”

Mawu ena onse amene ndinabwera nawo ndinawabisa. Ndinangoti tiye kwathu, sukulu ikudikira. Anapukusa mutu n'kutolanso singano.

“Mayi ako sananame, ndine mwana wa eni. Kuno ndiye kwa eniakewo.”

Abambo anayesetsa kumunyengerera, koma abale akewo anali atapeza manja ena m'nyengo ya fodya ndipo sanafune kumutaya. Anati adzabwerera kusukulu fodya akatha. Fodya anatha, nazale inayamba, Lameki sanalowenso m'kalasi. Pobwerera tsiku lija abambo anandifunsa pa matola ngati ndamuuza zonse. Ndinati eya.

Lero ndili ndi shopu yanga yokonza makompyuta pa Boma. Lameki ndi mlimi wa fodya ku Kapelula, ali ndi ana anayi, ndipo akabwera kudzagula feteleza amadutsa kudzandiona. Amaima pakhomo, manja kumbuyo, sagwira kanthu. Makasitomala akakhalapo amawauza monyadira kuti msuweni wakeyu anadzutsa kompyuta imene iye analephera, ali kamtsikana. Ine ndimaweramira pa ntchito yanga.

Ndili mwana ndinkaganiza kuti munthu wanjiru ndi amene amakuthirira mankhwala kapena kukutenthera chigafa. Ine sindinazule waya, sindinamunenere bodza, ndinangotseka pakamwa masiku atatu. Tsopano ndikudziwa kuti pamenepo mpamene panathera sukulu ya mwana wamasiye, amene analibe kwina komuphunzitsa koma nyumba yathu. Abambo anamwalira akuyesa kuti ndinamuuza. Lameki mpaka lero amayesa kuti ndinamuthandiza.